Mkamwini Amene Anasankha Makina Osalira

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale, ndipo musakangane nawo. Koma ife a kuno timadziwa pakhomo pamene unabadwira, ndipo anthu ake timakumana nawo pamjigo.

Kuseri kwa msika wa pa Mitundu kunali mkulu wina, bambo Chadzunda. Iwowa anakalambira kufakitale, kusema ndi kuwotcherera zitsulo. Atapuma ntchito, manja awo anakana kupuma. Anamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, n'kumaswera m'menemo kupanga zinthu zimene palibe anawatuma: msampha wa makoswe wokhala ndi belu, chotongolera chimanga chopalasa ngati njinga, loko wa pakhola wotsekula ndi supuni. Sankagulitsa ayi. Ena amakonda bawo, ena mpira, iwo ankakonda zitsulo.

Mwana wawo Esinati anakwatiwa ndi mnyamata wina dzina lake Yotamu, ndipo Yotamuyo anabwera kudzakhala chikamwini pakhomopo. Anali munthu wabwino ndithu, wosamwa, wosamenya, wodziwa kubereka mwana kumsana mkazi akamachapa. Koma mantha! Babu likangophethira, iye ali kale panja. Pulagi ankalowetsa atatembenuzira nkhope kumbali, diso limodzi atatsinzina, mwendo umodzi utaloza kukhomo.

Chimene chinamupachika ndi pakamwa pa amalume ake. Tsiku la chinkhoswe, pofuna kukometsa mbali yawo, anaimirira n'kunena kuti, "Mphwangayu ndi katswiri wa makompyuta." Chilungamo chake n'chakuti Yotamu ankakhala m'kakhumbi kumsika, kuika nyimbo m'mafoni a anthu, ndipo kompyutayo ankamuyatsira ndi mwiniwake. Koma pachinkhoswe sutsutsa malume ako. Yotamu anangoweramitsa mutu, anthu n'kumati taonani kudzichepetsa.

Bambo Chadzunda mawu amenewo anawasunga. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa za iwo: umphawi ankaukhululukira, ulesi ankaupirira, koma bodza ayi. Mkamwini wawo woyamba, mwamuna wa mkulu wake wa Esinati, ananama kuti ndi dalaivala pamene anali woitanira minibasi. Zitaululika, anapeza chikwama chake chili panja, ndipo ana anatsala, pakuti kuchikamwini ana ndi a kuchikazi. Yotamu nkhani imeneyi ankaidziwa bwino. Akayang'ana kamwana kake Mwandida kakukwawa pamphasa, ankakumbukira chikwama chija.

Tsiku lina madzulo dzuwa likadalipo, mkuluyo anamuitana kukhonde.

"Khalani apa, akamwini. Taonani manja angawa."

Anawatambasula. Ankanjenjemera ngati masamba a nthochi.

"Mzere woongoka sindingathenso kusema. Koma mutu ulipo. Ndikufuna makina osemera zitsulo, aang'ono aja okhala patebulo. Amakhala ndi zopukusa zitatu: china chimayendetsa chitsulo uku ndi uku, china kutsogolo ndi kumbuyo, china chimatsitsa mpeni. Tizichotsa zonsezo, tiikepo timamota, kompyuta ndiyo izipukusa m'malo mwa manja anga. Timamotato mlamu wanu wa ku Joni watumiza kale. Zitsulo ndi zanga, kompyuta ndi yanu. Mulungu anadziwa pokubweretsani pakhomo pano."

"Zoonadi, bambo," anatero Yotamu.

"Ine mwendo wangawu watupa, sindingakwere galimoto. Mupite ndinu ku Biwi kwa Bwanali, wogulitsa makina akale. Koma tamverani. Kusankha makina kuli ngati kusankha ng'ombe ya pangolo, penti isakunamizeni. Akhale olemera, oti mukawakankha ndi phewa asasunthe, chifukwa opepuka amavina akamasema. Mzati wonyamula mutu wake ukhale wangodya, osati wobulungira. Wobulungira mutu umacheuka wokha ngati wa chidakwa. Katebulo kake mukakagwire mukagwedeze. Kakamachita gwedegwede ngati dzino la nkhalamba, asiyeni. Koma chachikulu pa zonse, mukawayatse. Mukaike khutu pafupi mumve kulira kwake."

"Pafupi bwanji, bambo?"

"Ngati mukumvera mtima wa mwana."

Yotamu anafika ku Biwi. Malo a Bwanali anali chishedi chachikulu chonunkha girizi, zitsulo zili mbwee mpaka pakhomo. Bwanaliyo anali munthu wamfupi, wansangala, chala chimodzi chakumanzere chinali chodukira pakati. Yotamu anachiona chalacho, ndipo kuyambira pamenepo sanaonenso china.

"Mwatumidwa ndi madala Chadzunda? Ndiye tisataye nthawi, achimwene. Awa ndi amene akuwayenera."

Anamuonetsa makina obiriwira, a mzati wangodya, olimba bwino. Kenako anatenga mawaya awiri opanda pulagi, n'kuwalowetsa m'soketi, n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Makina aja analira kuti wiii! Bwanali anatsitsa mpeni pachitsulo, tizidutswa tamoto n'kuyamba kuuluka. Kamodzi kanagwera Yotamu m'kolala.

Mmene ankazindikira, anali tsidya lina la msewu, ataima pambali pa mayi wootcha chimanga.

"Mugula, bambo?" anafunsa mayiyo.

Anabwerera kwa Bwanali akukonza malaya. "Ndimafuna ndimve ngati akumveka patali," anatero. "Akumveka kwambiri. Kunyumba kuli mwana wakhanda. Tione ena."

Bwanali anamuyang'ana pang'ono, koma wogula satsutsidwa. Anamutengera pa ena otuwa. "Awa amalira motsitsa. Kungoti thupi lake limaluma pang'ono mukaligwira, ngati linthumbu basi. Tagwirani muone."

"Ndakhulupirira," anatero Yotamu, manja ali m'thumba.

"Tangogwirani, achimwene. Sapha munthu wathanzi."

"Ndati ndakhulupirira!"

Poyang'ana kothawira, maso ake anagwera pangodya. Pamenepo panali makina ena ofundidwa chisaka, akangaude atamangapo midzi. Waya wake anali wodulidwa, kachidutswa kokha kakulendewera ngati mchira wa mbuzi.

"Nanga awo?"

"Awo asiyeni. Salira. Chibwerereni sanalirepo. Mota yake inapsa kalekale."

Mawu amenewo anamutsikira Yotamu mumtima ngati madzi a m'mtsuko. Anachotsa chisaka chija yekha. Anawakankha ndi phewa ngati mwamuna, osasuntha. Anasisita mzati, wangodya. Anagwedeza katebulo ndi manja awiri, kali nganganga. Kenako anagwada n'kuika khutu pachitsulo penipeni, nthawi yaitali, maso atatsinzina. Munali zii, ngati m'tchalitchi Lolemba.

Mumtima anati: makina akufa safuna kompyuta. Madala akalephera kuwadzutsa, adzatukwana Bwanali, nkhani n'kuthera pomwepo, ine n'kutsala ndi banja langa.

"Ndatenga awa."

"Achimwene, ndakuuzanitu. Ndi maliro amenewa."

"Ndi amene ndikuwafuna."

"Mukatani nawo, muzikakhalira? Madala akadzabwera ndi chikwanje ine ndidzanena kuti ndinakuletsani."

Anawakweza pa kalole amuna anayi akubuula, ndipo ulendo wonse Yotamu anakhala kumbuyo atawatsamira, akuimba mluzu.

Kunyumba bambo Chadzunda anatuluka ndi ndodo yawo, n'kuwazungulira makinawo ngati akuona mkwatibwi. Anakankha, anagwedeza, anagogoda ndi sipanala n'kumvera.

"Munawayatsa?"

"Ndinaika khutu, bambo. Alibe phokoso ngakhale pang'ono."

Bodza silinali bodza. Mkuluyo anatsegula kachitseko ka mota, n'kununkhiza. Anawerama n'kusuzumira m'kati. Yotamu anayamba kale kukonza nkhope yachisoni, kudikira mkwiyo umene ugwere Bwanali. Koma mmene mkuluyo ankadzuka, maso awo anali akuwala ngati a mwana woona thumba la masiwiti.

"Akamwini, ndinakuchepetsani. Munthu wamba akanathamangira olira. Inu mwaona kuti mota n'kanthu kakang'ono, chofunika ndi thupi. Thupi ili n'la njovu! Mota yakaleyo tikanaichotsabe, ndili ndi ina ya pampu pansi pa bedi. Ndiye kuti mawaya onse, kuyambira kukhoma mpaka kumpeni, tilumikiza tokha. Ine ndizinena, inu muzigwira."

Munthu anathawa swichi imodzi, n'kukagwa m'dengu la mawaya.

Masiku otsatirawo Yotamu sanawaiwale. Kukacha, m'shedi. Mkuluyo amakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo: senderani uyo, pindani uyo, mangani apo. Nthawi zina amati, "Takhudzani apa ndi kuseri kwa chala, mundiuze ngati akuluma." Yotamu amayandikitsa chala kutali ngati akuyesa madzi osamba a mfumu, n'kunena kuti sakuluma, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Ndipo tsiku lililonse mkuluyo amamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Tikangomaliza mawayawa, mubweretse nzeru zanu za kompyuta."

Choncho mantha anali awiri. Makina akadzuka, akhoza kumupha. Akapanda kumupha, adzamuulula.

Anayamba kuonda. Lamba anaboola bowo lina. Esinati, amene maso ake sankaphonya kanthu, anamufunsa akupachika matewera.

"Bambo a Mwandida, mukudwala njoka za m'mimba kapena mwapalamula kunja?"

"Palibe, make mwana. Kuganiza chabe. Ntchito ya makompyuta imadya thupi."

"Ooh. Ndiye kutulo mumati 'zimitsani, zimitsani' mumauza kompyutayo?"

Yotamu anangolowa m'nyumba.

Tsiku lina mkuluyo anamuonetsa kabokosi kapakhoma, momwe munali kanthu koyera ngati chidutswa cha mbale yadothi.

"Aka ndi fyuzi, mlonda wa shedi ino. Kakachoka, magetsi salowa. Ndipo mawaya akalakwika, kamapsa ndi iko m'malo mwa ife."

Mawu oyambawo Yotamu anawameza. Achiwiriwo anadutsa pamwamba pa mutu, chifukwa mtima unali utayamba kale kuvina. Masana, mkuluyo atagona pamkeka pansi pa mango, Yotamu analowa m'shedi monyang'ama, anakulunga dzanja ndi malaya, anatsinzina, n'kukazula. Sanafe. Anakaponya m'thumba.

"Makoswe a masiku ano akudya ndi dothi lomwe?" anadabwa mkuluyo atadzuka. Anatuma munthu kukagula kena.

Yotamu anakazulanso.

"Kapena ndi ukalamba," anadandaula mkuluyo akufufuza m'matumba awo. "Mwina ndimaika pena n'kuiwala." Yotamu anamva chisoni, koma chisoni sichiposa mantha. Kachitatu nakonso kanapita.

Apa bambo Chadzunda anapsa mtima. Anatenga msomali waukulu wokhomera denga, anazimitsa magetsi kunyumba yaikulu, n'kuukhomerera pamalo pa fyuzi paja ndi hamala.

"Kaya ndi khoswe, kaya ndi mfiti, azule uwu tione! Ndipo Loweruka tiyatsa. Ndaitana anzanga onse a pabawo, adzaone mkamwini wanga akudzutsa chakufa."

Yotamu anayesa kuuzula msomaliwo ndi maso okha. Unali utalowa ngati unabadwira pomwepo.

Loweruka m'mawa magetsi anazima dera lonse, monga amachitira. Wailesi ya kwa aneba inaduka pakati pa nyimbo, chigayo cha kumsika chinaleka kulira. Yotamu anakhala pamwala n'kuyamba kuganiza, ndipo ana inu, munthu wamantha akayamba kuganiza muzithawa.

Anakumbukira zimene mkuluyo ankanena, kuti magetsi amabwera ndi waya wofiira n'kubwerera kwawo ndi wakuda, ndipo makina amakhala pakati. Anati: nanga mlendo wofuna kubwerera kwawo n'kumuzunguliranso m'nyumba monse bwanji? Ndikalumikiza wofiira ndi wakuda asanafike kumakina, magetsi adzangobwera n'kutembenuka pakhomo, osavutitsa munthu. Makina adzakhala chigonere, ine osalumidwa, madala adzati mota ya pampu nayonso ndi yakufa.

Anaona kuti nzeru yotere ngakhale a kufakitale sanaitulukire. Analowa m'shedi, anasenda mawaya awiri aja kuseri kwa swichi, n'kuwapota pamodzi bwinobwino. Kupota waya ankakudziwa, pakuti ali mwana magalimoto ake a mawaya ankaposa a mudzi wonse. Anabisa mfundoyo kuseri kwa thabwa, n'kutuluka akupukuta manja.

Chakumasana magetsi anabwera. Anzawo a pabawo anafika, madala anayi kapena asanu ndi zipewa zawo, n'kudzazana m'kashedi muja. Esinati anaima pazenera. Amayi ake, a Nankhoma, anakhala patali pansi pa mango ndi mdzukulu pamwendo, chifukwa iwo shedi imeneyo ankaidziwa.

Ndipo tsiku limenelo anthu anaona Yotamu wachilendo. Analowa chifuwa chili patsogolo, manja akupindidwa malaya. Anamenya makina aja pamsana ngati ng'ombe yake.

"Musaope, madala," anauza alendowo. "Magetsi amafuna munthu wowadziwa. Ukawaopa amakununkhiza ngati galu."

Esinati pazenera anakweza nsidze.

"Ndiyatse ndine, akamwini?" anafunsa bambo Chadzunda.

"Ayi, bambo, khalani. Zoterezi n'zathu anyamata. Senderani pafupi nonse muone bwino."

Madala aja anasendera. Yotamu anayang'ana uku ndi uku kuti aliyense amuone, anakweza chala chimodzi m'mwamba, n'kuchitsitsa paswichi maso ali tong'o, koyamba chibadwire.

Kunang'anima.

Sikunali kung'anima kwa machesi kapena kwa wowotcherera. Kunali kuwala koyera kobiriwira, kolowa m'maso n'kukatulukira kunkhongo. Kenako phuu! Malata anadumpha n'kubwerera. Kabokosi kapakhoma kanalavula moto, msomali uja unafiira ngati tsabola, utsi wakuda wonunkha mphira unadzaza shedi yonse. Nkhuku zinauluka mpaka padenga la aneba. Madala a pabawo, amene ena ankayenda ndi ndodo, anatulukira pakhomo limodzi onse nthawi imodzi, ndodo zitatsala m'kati.

Yotamu anapezeka ali chagada pansi. M'makutu munkalira belu. Anatukula mutu, ndipo mu utsimo anaona miyendo iwiri itatambalala kuseri kwa mpando wogubuduzika, phazi limodzi lotupa, lina lopanda nsapato. Sinkagwedezeka.

Ndapha apongozi.

Sanadziwe kuti anadutsa pati. Anadumpha mpanda wa khola, anaponda m'dimba la mpiru, n'kukalowa m'nkhokwe ya aneba imene inali itatsala theka, n'kudzikwirira ndi zitsononkho. M'menemo anayamba kuona zonse zimene zikubwera: apolisi, unyolo, amalume ake akukana kuti samudziwa, Mwandida akukula n'kumalozeredwa kuti bambo ake ndi aja anawotcha agogo ake. Ankanjenjemera mpaka nkhokwe yonse inkachita phokoso ngati muli makoswe zana.

Kenako anamva mawu a Esinati kuchokera kunyumba. "Mayo ine! Mayo nthiti zanga! Ndifa ine!"

Maliro ayamba, anatero mumtima, misozi n'kuyamba kutsika.

Patapita nthawi, denga la nkhokwe linatukuka. Nkhope ya Esinati inasuzumira. Maso ake anali ofiira ndi misozi, koma pakamwa pankakana kutsekeka. Anamuyang'ana mwamuna wake, n'kugwiranso nthiti.

"Mayo ine! Nanunso nsidze zapita!"

"Make mwana, bambo... atisiya?"

"Akusiyani ndani? Akhala pakhonde, akukufunani. Tulukani, mukuipitsa chimanga cha eni."

"Apolisi abwera?"

"Mukanakonda apolisi. Tiyeni."

Pakhonde bambo Chadzunda anali atakhala pampando, nkhope yakuda bii ngati kunsi kwa mphika, ndevu mbali imodzi zitapserera, nsidze kulibe. Pamwendo pawo panali mawaya awiri opotana aja, atasungunuka kumapeto. Pambali pawo pansi panali mbale, ndipo m'mbalemo munali mafyuzi atatu oyera bwino, ochapidwa. Chapafupi, chotsamira khoma, panali chikwama cha Yotamu.

Yotamu atachiona chikwamacho anagwada pansi.

"Ndinawapeza m'thumba la buluku lanu pochapa," anatero Esinati. "Ndimadikira kuti munene nokha. Ndikanadziwa kuti mukafika powotcha anthu ndikanalankhula kale."

"Akamwini," anayamba mkuluyo, mawu atasasa ndi utsi. "Kompyuta mumaidziwa?"

"Kuika nyimbo, bambo."

"Basi?"

"Ndi mafilimu."

"Nanga makina akufa munawasankhiranji?"

"Amoyo amalira, bambo. Ndimaopa. Ndimaopa magetsi, ndimaopa makina, ndimaopa inu. Za ukatswiri ananena ndi amalume, koma ine sindinakane, ndiye bodzalo ndi langa. Chonde mwana yekhayo muzindilola kudzamuona."

Mkuluyo anatembenuza mawaya aja m'manja mwawo. Anawayandikitsa kumaso.

"Mfundo iyi anapota ndani?"

"Ine, bambo."

"Ndi chiyani?"

"Ndi zala."

"Taonani, make Esinati," anaitana mkuluyo akukweza mawayawo. "Moto wonse uja, koma mfundo siinamasuke. Zaka zonse kufakitale sindinaone mfundo yaukhondo chonchi, yopotedwa pamalo opusa chonchi. Mutu wa nkhuku, manja a mmisiri." Anatsokomola. "Msomali ndinakhoma ndine, pamenepo uchitsiru tigawana. Makina sanapse, moto unathera pakhomo monga munafunira. Za kompyuta tiphunzira tonse, pafoni pali ana amene amaphunzitsa. Koma bodza pakhomo pano siligona. Chikwama chanu icho. Mukafuna, nyamulani. Mukafuna kukhala, mukhala ngati Yotamu wamantha woika nyimbo, osati katswiri, ndipo manja amenewo ndi anga. M'shedi tsiku lililonse, kufikira makinawo atasema."

Yotamu anayang'ana chikwama. Anayang'ana kashedi, kamene kankafukabe utsi m'mabowo a malata. Kunena zoona, ana inu, sanadziwe kuti chilango chachikulu ndi chiti.

Anatembenukira kwa mkazi wake n'kunong'ona. "Make mwana, bwanji tipemphe chitengwa, tizikakhala kwathu?"

"Kwanu kopanda ndi magetsi omwe?"

"N'chifukwa chake."

"Pitani nokha mukaunikire ndi mwezi. Ine ndi mwana tili pano."

Nthawi yonseyi a Nankhoma anali pansi pa mango atafulatira, pakuti mpongozi wamkazi ndi mkamwini sayang'anizana kumaso, ndipo salankhulana mwachindunji. Akakhala ndi mawu, amawapatsira mwana. Tsono ananyamula Mwandida, amene anali asanadziwe n'komwe kunena kuti amama, n'kumuimika pamaondo.

"Mwandida iwe," anatero mokweza kuti khonde lonse limve, "ukawafunse abambo ako. Tsiku limene ankabwera kudzafunsira mbeta, denga la shedi lobookabooka lija sanalione? Tambala wopanda nthenga za kumchira sanamuone? Galu wathu amene akaona agogo ako atanyamula waya amakagona kwa aneba, sanamufunse? Uwauze kuti ine zitenje zanga zonse zili ndi mabowo a moto, ndipo tsitsi la mbali iyi linamera kawiri. Agogo akowa si munthu, ndi mphezi. Ndinadziwa ndisanalowe m'nyumba muno, ndipo ndikadali pano. Iwo anaona zonsezo, n'kulowabe chifukwa cha amako. Lero akudabwa chiyani?"

Mwandida anayamwa chala, n'kumuyang'ana bambo wake wopanda nsidze. Kenako anaseka, kumwetulira kwa mano awiri, n'kutambasula manja kuti amunyamule.

Yotamu anadzuka pang'onopang'ono. Ananyamula chikwama chija n'kukachiponya m'nyumba mwake pabedi. Anatuluka atavala jombo za mphira za kudimba, ndi magolovesi a Esinati ochapira, ndi chipewa cha njinga yamoto chobwereka, dzuwa likuswa mtengo.

"Ndakonzeka, bambo," anatero, mawu akutulukira m'chipewamo.

"Tengani fyuzi imodzi m'mbalemo. Tiyambirenso."

Analowa m'shedi, mkuluyo patsogolo ndi ndodo, mkamwini pambuyo akuyenda ngati akuponda mazira. Panapita kanthawi kuli phee. Kenako m'katimo munamveka kakuti thee, kambaliwali kakang'ono koti sikangayatse ndi ndudu yomwe. Kukuwa kumene kunatsatira kunamveka mpaka kumsika, ndipo chipewa cha njinga yamoto chinatulukira pakhomo, chikuyang'ana njira ya kunkhokwe.

A Nankhoma sanacheuke n'komwe. Anangomupukuta mdzukulu wawo dovu ndi nsonga ya chitenje.

"Mwandida, auze abambo ako abwerere m'kati. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."